Madzi a m'Dziwe ndi Madzi a m'Nyanja: Maganizo pa Sewero la Water Boyy

Sabata yatha, titamaliza kusenda ndakatulo ya mnzathu uja mpaka kuisiya mafupa okhaokha, lilime linanditerera ndipo ndinanena kuti pa tchuthi chapitachi ndinaonera sewero la ku Thailand la anyamata awiri okondana. M'chipinda monse munangoti zii. Kenaka wina kumbuyo anaseka, wina nafunsa ngati kwathu ku Salima ntchito zinatha. A Mkonzi, poona kuti ndayamba kutentha, anandigwira paphewa nati: "Achimwene, musakangane pano. Kalembeni, tidzawerenge." Ndiye ndalemba. Mwambo wa gulu lino ndi wakuti chinthu timayamba tachiwerenga kapena kuchiona tisanachigamule, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndikupempha kuti mwambo umenewu tiusunge ngakhale lero, pamene nkhani yake ili yowawa m'makutu mwa ena a inu.

Sewerolo dzina lake ndi Water Boyy: The Series. Linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya GMM 25 ya ku Thailand kuyambira mwezi wa April mpaka July m'chaka cha 2017, ndipo lili ndi zigawo 14. Silinangomera lokha ayi. Linachokera ku filimu ya dzina lomweli ya m'chaka cha 2015, ndipo zonse ziwiri anaziongolera ndi munthu mmodzi, Rachyd Kusolkulsiri. Mu filimu anyamata aja ndi Nam ndi Muek. Mu sewero maina anasintha kukhala Waii ndi Apo, ndipo amene anavala mainawa ndi Pirapat Watthanasetsiri ndi Thitipoom Techaapaikhun, omwe kwawoko anthu amangowatchula kuti Earth ndi New. Msana wa nkhani ndi umodzi. Pali mnyamata katswiri wosambira, wotchuka pasukulu, amene bambo wake ndiye mphunzitsi wa timu ya osambira, koma awiriwo samwerana madzi. Ndiye pakubwera mnyamata wachilendo kudzalowa timuyo, namuika m'chipinda chimodzi ndi mwana wa mphunzitsi uja. Zotsatira zake mwaziganizira kale. Mlembi sanabisenso kumene mtima wake uli, chifukwa dzina lakuti Nam m'chiyankhulo cha ku Thailand limatanthauza madzi, ndipo Apo ndi madzinso m'Chipali, chiyankhulo cha malembo a chipembedzo cha Chibuda.

Ine ndinaonera zonsezi ku Senga Bay m'nyengo ya mwera. Amene munakulira kumtunda mwina simudziwa chimene mwera umachita ndi mudzi wa asodzi. Mphepo ikakalipa masiku atatu kapena anayi, maboti sapita panyanja, usipa sukhala pa thandala, amuna amangosoka chilimira kapena kusewera bawo pansi pa mitengo, ndipo nthawi imatalika ngati msewu wa ku Nkhotakota. Msuweni wanga wamkazi, amene ali pa sukulu ya unamwino, ndiye anali nalo sewerolo pa foni yake, mawu ake olembedwa m'Chingerezi pansi pa chithunzi. Iye ndi anzake amaonera masewero otere monga momwe amayi athu ankaonera mafilimu a ku Nigeria. Ndinayamba kuonera kuti ndimuseke. Pofika chigawo chachitatu ndinali nditabwereka foniyo usiku wonse, ndipo nditabwerera kuno ndinafunafuna filimu ija kuti ndione kumene nkhani inachokera.

Ndiyambe ndi zolakwa, kuti amene mukuganiza kuti ndabwera kudzaimbira sewerolo m'manja mtima ukhale pansi. Water Boyy ya pa wailesi ya kanema ndi thobwa la pamaliro. Mukudziwa chimene chimachitika anthu akachuluka kuposa amene mumayembekeza: mayi wa pamoto satsukuluza kamodzi, amathira madzi, nathiranso, mpaka chidebe chidzaze, ndipo aliyense amalandira chikho chake koma palibe amene amakhuta. Filimu ya 2015 inali ndi nkhani ya kukhala kumodzi, yoti munthu uyambe utadya nsima, umalize tulo tisanakugwire. Kuti nkhani yomweyo ikwane milungu 14, anaithira zibwenzi zina za anyamata ndi atsikana a m'timu momwemo, mikangano ya nsanje imene ikanatha ndi mawu awiri, ndi nyimbo zolira zimene zimayamba munthu asanagwetse n'komwe msozi. Zigawo zina Waii ndi Apo, eni nkhani, amasanduka alendo m'nyumba yawo yomwe. Choipitsitsa kwa ine ndi nkhani ya mtsikana wina wovala ndi kuyenda ngati mnyamata, amene sewerolo limamukankhira pang'onopang'ono m'manja mwa mwamuna, ngati kuti mlembi, atalola anyamata awiri kukondana, anafuna kulipira chindapusa kwa oonera pobweza mtsikana mmodzi "kunjira". Pamenepo ndinaona mantha a wamalonda, osati dzanja la mlembi.

Ndipotu malondawo alipo. Masewero a mtundu umenewu, amene kwawoko amawatchula ndi chilembo cha Y ndipo kunja amati BL, anatengera nkhani zojambula za ku Japan, ndipo ambiri mwa amene amawaonera ndi kuwagula ndi atsikana ndi amayi achichepere, monga msuweni wanga uja. Love Sick ya 2014 ndi SOTUS ya 2016 ndiwo anatsegula msika, ndipo 2gether ya 2020, nthawi ya mliri wa korona anthu atatsekeredwa m'nyumba, inaufikitsa kumaiko akutali. Kampani ya GMMTV, imene inapanga sewero tikukambali, imagwirizanitsa anyamata awiriawiri n'kumawagulitsa ngati katundu mmodzi. Earth ndi New sanakhalitse pamodzi: New anadzatchuka ndi Tay Tawan, Earth anadzatchuka ndi Mix mu A Tale of Thousand Stars ya 2021. Tsono pamene kamera ikuchedwa pa mapewa onyowa a mnyamata akutuluka m'dziwe, tisadzinamize kuti nthawi zonse ikufufuza mtima wa munthu. Nthawi zambiri ikuwerenga ndalama. Mu filimu muja ndinapezamo manyazi ndi kusadziwa chochita kwa ana asukulu, zimene zinandikhutiritsa kwambiri kuposa kukongola kosalala kwa sewero. Papangkorn Lerkchaleampote, amene anali Muek mu filimuyo, anamwalira mu March 2022 ali ndi zaka 25 zokha, ndipo ndinaonera nkhope yake ndikudziwa zimenezi, mwina n'chifukwa chake chiweruzo changa chapendekera komweko.

Palinso madandaulo anga monga mwana wa kunyanja. Madzi a mu sewero limeneli ndi a m'dziwe lomanga ndi simenti, ogawidwa ndi zingwe, oyera mpaka pansi. Mulibe ng'ona, mulibe likodzo, mulibe bwato logubuduzika. Palibe munthu amene amalowa m'madzi amenewo chifukwa kunyumba ndiwo zatha. Ife kwathu timaphunzira kusambira tisanaphunzire kulemba dzina, osati kuti tipate mendulo, koma kuti tsiku limene mwera udzatipeza pakati pa Namalenje ndi gombe tidzabwerere kwa amayi athu. Choncho poyamba ndinkaseka kuona anyamata akuluakulu akulira chifukwa wina wawapitirira ndi kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso.

Koma ndisanamize gulu: dziwe lija likugwira ntchito m'nkhaniyi, ndipo ntchito yake ndinaizindikira chifukwa chakuti ndine wa kunyanja. M'madzi munthu suyankhula. Pakamwa pali ndi ntchito ina, yopuma. Anyamata awiri amene pamtunda sangathe kuuzana chilichonse, m'madzi amayenda mbali ndi mbali, wina akumva mafunde a mnzake pathupi pake, wina akudziwa kuti mnzake watopa asananene. Mlembi anapeza malo amodzi okha m'moyo wa mnyamata pamene kuyandikana kwa matupi sikufunsidwa mafunso, ndipo anaika chikondi chake pamenepo kuti chikule chisanapatsidwe dzina. Izi n'zaluso, ndipo zimachitika popanda mawu, zimene ife a m'gulu lino, okonda kuika ulaliki m'kamwa mwa ampangankhani athu, tiyenera kuchita nazo manyazi.

Chachiwiri chimene sewerolo lagwira bwino ndi bambo. Mphunzitsi uja ali ndi mphamvu ziwiri pa mwana wake, ya kunyumba ndi ya kudziwe, ndipo akalephera kuyankhula ngati bambo amaliza wezulo ngati mphunzitsi. Mwana nayenso akafuna kubwezera bambo wake, amabwezera mphunzitsi. Ndani mwa ife sadziwa bambo wotere? Kwathu ndi mwini chilimira amene mwana wake ali m'gulu la alovi: pagombe amamukalipira kuposa ana a eni, kunyumba amadya naye mbale imodzi osanena kanthu. Zigawo zimene zili ndi awiriwa ndizo zokha zimene thobwa lija silinathiridwe madzi.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa. Nditamaliza kuonera ndinadzifunsa kuti: kodi ife Amalawi nkhani yotere tinailembapo? Ndinakumbukira ntchito ziwiri, zonse za anthu amene ndimawalemekeza, ndipo zonse zoposa Water Boyy pa luso.

Yoyamba ndi filimu ya Shemu Joyah, The Last Fishing Boat, ya 2012. Ndi filimu ya kunyanja kwenikweni, ya msodzi Yusufu amene nsomba zikumuthera m'madzi pamene alendo okaona nyanja akumudyera banja kumtunda. Mwana wake, amene bambo ankafuna kuti adzagwire nkhafi, wasanduka woperekeza azungu, ndipo zogonana amuna okhaokha zimalowa m'nkhaniyi kudzera pa khomo limenelo, la mlendo ndi chikwama chake. Sindikunena kuti Joyah ananama. Ine ndakulira pafupi ndi mahotela a ku Senga Bay, ndipo ndikudziwa zimene njala imachititsa anyamata ogulitsa ziboliboli. Koma woonera akatuluka mu filimuyi amatuluka ndi chikhulupiriro chimene analowa nacho: kuti zimenezi zimabwera pa ndege, ndipo zimagulidwa.

Yachiwiri ndi nkhani yaifupi ya Stanley Onjezani Kenani, Love on Trial, imene inafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Caine mu 2012. Muli Charles Chikwanje, wophunzira zamalamulo, amene chidakwa cha m'mudzi wa Chipiri, a Lapani Kachingwe, chinamupezerera ndi mwamuna mnzake n'kuyamba kugulitsa nkhaniyo ndi mowa. Kenani sanabweretse mzungu wodzanyenga mwana wa eni, ndipo pamenepo anapita patsogolo. Koma taonani kumene nkhani yake imachitikira: pa malo omwera mowa, pa wailesi ya kanema, m'bwalo la milandu. Charles amayankhula bwino zedi, ngati loya amene akufuna kudzakhala, koma chikondi chimene akuchiteteza sitichiona ndi maso. Timamva mlandu, timamva mtsutso wa Baibulo ndi chikhalidwe, timaona maiko opereka thandizo akutseka dzanja. Sitiona anthu awiri akugawana chinangwa chootcha.

Sindikuwadzudzula alembi awiriwa. Analemba zimene dziko linawapatsa. Tonse tikukumbukira, kapena tinauzidwa, za chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ku Blantyre mu December 2009, chilango cha zaka 14 chimene khoti linapereka mu May 2010, ndi chikhululukiro cha Pulezidenti Bingu wa Mutharika patangopita masiku ochepa, mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Kuyambira pamenepo nkhani imeneyi kwathu kuno inavala mkanjo wa khoti ndipo sinauvulebe. Mu July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu ya m'mizinda yathu kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, ndipo linasiya zigawo 153, 154 ndi 156 za malamulo a milandu momwe zinalili, n'kunena kuti ofuna kusintha apite ku Nyumba ya Malamulo. Ku Thailand nako lamulo lolola maukwati otere linayamba kugwira ntchito pa 23 January 2025, patapita zaka zoposa zisanu ndi ziwiri chionetsedwere Water Boyy. Ndiye kuti Waii ndi Apo anakondana pa wailesi ya kanema dziko lawo lisanawalole kukwatirana. Mlembi sanadikire Nyumba ya Malamulo kuti imuuze ngati anthu akewo alipo.

Apa ndiye pagona kusiyana. Sewero lofooka lija, ndi nyimbo zake zolira ndi malonda ake onse, lachita chinthu chimodzi chimene zolemba zathu zabwino sizinachite: laonetsa anyamata awiri a msinkhu umodzi, a mtundu umodzi, osagulana, osaima pamaso pa woweruza, akukangana za zinthu zazing'ono za m'chipinda chogona, wina akudikira mnzake kuti adyere limodzi. Mungathe kudana nacho chimene mukuonacho. Koma mukudana ndi anthu amene mwawaona nkhope, ndipo zimenezo n'zosiyana ndi kudana ndi mphekesera.

Vuto lina lili m'chiyankhulo chathu chomwechi, ndipo ndalimva polemba ndime zapitazi. Mawu amene tili nawo pafupi ndi akuti mathanyula. Mawu amenewa amatchula mchitidwe, ndipo amautchula molavula. Mulibe kusowana, mulibe nsanje, mulibe kudikira kalata. Enawo ndi a m'nyuzipepala, akuti "amuna kapena akazi okhaokha", aatali ngati chikalata cha kwa DC ndipo ozizira chimodzimodzi. Mlembi wa Chichewa amene akufuna kulemba Waii ndi Apo wa ku Chipoka ayenera kuyamba wasula zipangizo zake. Komatu mawu akuti chikondi, bwenzi, kusowa, kufunana alipo kale, ndipo palibe lamulo la galamala limene linawatsekera mbali imodzi.

Ndikudziwa yankho limene likundidikira, lakuti izi si zathu, n'zachilendo. Amene akunena zimenezi akafunse bwino mbiri ya azigogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Teba, n'kukhala zaka m'makomboni a migodi mopanda mkazi ndi mmodzi yemwe. Olemba mbiri monga Dunbar Moodie ndi Marc Epprecht analemba za maukwati a m'migodi imeneyo, mmene amuna akuluakulu ankatengera anyamata n'kumawasamala ngati akazi awo, ndipo anthu a m'maiko onse a kuno kum'mwera anadutsa m'makomboni amenewo. Moyo wathu uli ndi malo ambiri a amuna okhaokha: sukulu zogonera komweko, ndende, misasa ya asilikali, ngakhale chilumba cha Mbenje kwathu ku Salima, kumene mwa lamulo la a Makanjira mkazi saponda, mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo asodzi amakhalako miyezi mpaka nyengo yotseka itafika. Sindikunena kuti ku Mbenje kumachitika chilichonse. Ndisanamiziridwe mawu pamaso pa mfumu yanga. Ndikunena kuti mlembi wa ku Bangkok anayang'ana dziwe limodzi la sukulu n'kufunsa kuti mitima ya anyamata a mmenemo ikuchita chiyani, pamene ife tili ndi nyanja yathunthu, misasa ndi mbiri ya migodi, ndipo funsolo timaliopa ngakhale pofuna kungoliyankha kuti ayi.

Pali chifukwa china chimene ndinabwerekera foni ija usiku wonse. Ndinali ndi mnzanga pagombe pathu, dzina lake ndilisunga. Tinaphunzira kusambira tsiku limodzi, ndipo tili ana tinkalumbira chaka ndi chaka kuti tidzafika ku Namalenje ndi manja, ngakhale nthawi zonse tinkabwerera tisanafike ndi pakati pomwe. Iye sukulu anailekera panjira nalowa m'boti la bambo wake. Chaka chimene ine ndinalemba mayeso a Fomu 4, kunabuka manong'onong'o pa thandala, akuti anamuona ndi mnyamata wina wa m'boti lomwelo. Panalibe mzungu, panalibe ndalama, ndipo nkhaniyo sinafike kupolisi. Bambo wake anangomuuza m'mawa wina, anthu akukankha boti, kuti malo ake alowapo wina. Anakhala mwezi umodzi osatuluka m'nyumba, kenaka anakwera basi ya ku Joni. Ine sindinapite kukamuona mwezi umenewo. Ndinkadutsa njira ya kuseri kwa msika kuti anthu asandione pakhomo pawo, ndipo ndikulemba zimenezi pano kuti amene anaseka sabata yatha adziwe kuti si iye yekha wamantha m'chipinda muja.

Masiku ano mnzangayo amatumiza ndalama pa foni ya mayi ake mwezi ndi mwezi. Ndalama zimenezo ndi zimene zimagula mafuta a injini ya boti limene anachotsedwamo. Bambo wake amazilandira, amathira mafuta, amapita panyanja, ndipo dzina la mwanayo salitchula.

Nditabwerera kuno ndinayesa kulemba nkhani imeneyi kuti ndidzawerenge m'gulu lino. Ndinkati ndilembe anyamata awiri m'boti la usipa usiku, nyali zikuyaka pamadzi, wina akupalasa, wina akuyang'ana pansi pomwe nsomba zikusonkhana. Tsamba loyamba linayenda bwino. Nditafika pakati pa tsamba lachiwiri ndinapeza kuti ndalowetsamo mzungu wa ku Germany wokhala pa hotela, ali ndi kamera pakhosi, ndipo sindikukumbuka n'komwe pamene ndinaganiza zomuitana. Ndinamufufuta. Pa tsamba lachinayi panatulukira wapolisi. Mapepalawo ali m'sutikesi pansi pa bedi langa, ndipo a Mkonzi akandipatsa masabata ena atatu ndidzayesanso kuwasiya anyamatawo okha m'botimo mpaka kutacha.